Pulogalamu ikavuta pa foni, yambani mwapeza pamene vuto lagona

Anthu ambiri obwera ndi foni pa benchi yanga yokonzera mafoni ku Ulongwe, m'boma la Angónia, amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Achimwene, pulogalamuyi sikugwira." Ndikafunsa kuti sikugwira bwanji, amangondipatsira foniyo m'manja. Sindiwaimba mlandu, pakuti palibe amene anawaphunzitsa. Koma kukonza kumayamba funso limeneli likayankhidwa, ndipo ndi funso lomwelo limene angakufunseni opanga pulogalamu ali kutsidya kwa nyanja. Munthu akapita kuchipatala n'kungonena kuti "ndikudwala", adokotala sapereka mankhwala msanga. Amafunsa kuti pakupweteka ndi pati, zinayamba liti, munadya chiyani. Ndi mmene zilili ndi Facebook, WhatsApp, TikTok kapena Instagram.

Uthenga umene mwalemba umadutsa m'manja ambiri usanafike kwa mnzanu. Umachoka mu pulogalamu, kudutsa mu foni, kukwera pa nsanja ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, kuyenda m'mawaya mpaka kunyanja, kenako kukafika pa makompyuta a kampani ya pulogalamuyo. Paliponse pa njirayi ungathe kuima. Pa mafoni amene ndimawaona, vuto lenileni la pulogalamu, limene amisiri amalitcha bug, ndi losowa kwambiri poyerekeza ndi enawo. N'chifukwa chake musanathamangire kudandaula, yambani mwafufuza.

WhatsApp imakuthandizani yokha mukamayang'ana tizizindikiro ta pansi pa uthenga. Kawotchi kamatanthauza kuti uthengawo sunachoke n'komwe m'foni mwanu, ndiye vuto lili kwa inu, kaya ndi mamega kaya ndi netiweki. Kachizindikiro kamodzi kotuwa ndiye kuti wafika ku kampani koma foni ya mnzanuyo sinaulandire, mwina yazima kapena ali kudimba kumene netiweki siifika. Pamenepo ngakhale mutaigwedeza bwanji foni yanu, palibe chimene chisinthe. Tiwiri ndiye kuti wafika.

Kenako tsegulani china chake, monga Google, muone ngati chikutseguka. Ngati zonse zili zii, siyani kuvutitsa pulogalamuyo. Onani ngati mamega alipo, ndiponso ngati ali a mtundu woyenera, chifukwa pali mabandulo ena ochezerana okha: Facebook itseguka bwinobwino, koma mukadina linki yopita kwina ingozungulira. Mafoni a masimu awiri nawonso amapusitsa anthu tsiku ndi tsiku. Wagula mamega pa simu ina, foni ikufuna intaneti pa simu inayo. Ndipo ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Ku Calómuè, ku Zóbuè ndi m'midzi yambiri ya ku Tsangano, foni yosiyidwa kuti izisankha yokha netiweki imatha kulumphira pa TNM kapena Airtel ya ku Malawi, mamega anu a kuno n'kukhala ngati kulibe. Mankhwala ake ndi kulowa m'makonzedwe a simu n'kusankha netiweki yanu pamanja.

Nthawi zina vuto limakhala lalikulu kuposa tonsefe. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, kuno kwathu kuyambira chakumadzulo mpaka cha pakati pa usiku. Eni ake anafotokoza kuti panalakwika posintha makonzedwe a makina olumikiza makompyuta awo. Pa 5 Malichi 2024 anthu ambiri anangopezeka atatulutsidwa mu Facebook, akalemba pasiwedi n'kukanidwa, ena n'kuganiza kuti aberedwa akaunti, pamene vuto linali ku kampani komweko ndipo linatha patapita maola angapo. Pa 12 Meyi chaka chomwecho mawaya a pansi pa nyanja a EASSy ndi Seacom anaduka, intaneti n'kufooka ku Mozambique, Malawi, Tanzania ndi maiko ena oyandikana nawo. Masiku oterewa amene amavulala kwambiri ndi anthu opupuluma. Amafufuta pulogalamu, kuiyikanso, kusintha pasiwedi kangapo, mpaka kudzitsekera okha kunja. Chikhala kuti anafunsa kaye oyandikana nawo awiri kapena atatu, makamaka wa netiweki ina, akanadziwa kuti chofunika ndi kudikira basi.

Tinene kuti intaneti ili bwino, kwa anzanu pulogalamu ikuyenda, koma kwa inu yokha ikuvuta. Apa tsopano tayang'anani foniyo. Chimene ndimapeza kawirikawiri ndi kudzaza. Foni ya 16 GB kapena 32 GB imene ili m'gulu la kutchalitchi, la kubanja, la mpira ndi la alimi imadzaza mavidiyo mwini wake asakudziwa, ndipo ikadzaza pulogalamu imalephera kutsitsa chithunzi, nthawi zina n'kudzitseka yokha. Tsiku ndi nthawi zikasokonekera, monga zimachitikira batire ikatheratu, WhatsApp imakana kutseguka mpaka muzikonze. Mauthenga akamafika pokhapokha mwatsegula pulogalamu, nthawi zambiri ndi chosungira batire chimene chikuipha ikakhala kumbuyo. Kwa a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, dziwani kuti foni ikatentha imadzichepetsa liwiro dala kuti isapse, ndipo vidiyo imadukaduka. Iyikeni pamthunzi, muichotse pa chaja. Palinso ukalamba: kuyambira Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa Android yakale kuposa 5.0, ndipo pamenepo palibe mmisiri angakuthandizeni.

Pali mabatani awiri amene ndikufuna muwadziwe bwino chifukwa amakhala moyandikana ndipo amafanana. Mukalowa m'makonzedwe a foni, pa mapulogalamu, pa malo osungira, mupeza "Limpar cache" ndi "Limpar dados". Loyambalo limangochotsa tizinthu timene pulogalamu inasunga kuti izitseguka msanga, ndipo silikutayitsani kanthu. Lachiwirilo limaibweza pulogalamu ngati yangoyikidwa kumene. Pa Facebook ndiye kuti mufunika pasiwedi, imene ambiri anawalembera ndi mwana wa achemwali awo zaka zapitazo ndipo palibe akuikumbukira. Pa WhatsApp mungataye macheza onse ngati simunawasunge pa Google Drive. Munthu aliyense wofuna kukudinirani batani lachiwirili, kaya ndi ine ndemwe, mufunseni kaye ngati zonse zasungidwa.

Lamulo limene ife timagwirira ntchito ndi lakuti usinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ukazimitsa foni, n'kuchotsa cache, n'kusintha simu, n'kuyikanso pulogalamu zonse pakamodzi, mwina zitheka, koma sudzadziwa chimene chathandiza, ndipo mawa likabweranso uyambiranso pachiyambi.

Mayi wina wogulitsa mbatatesi anabwera tsiku lina atakwiya. Amatumiza zithunzi za matumba ake pa pulogalamu ina yochezerana kuti ogula a ku Tete aone asanatumize galimoto. "Mwana wanga," anatero, "ndikangoti ndiyike chithunzi, imandithamangitsa." Ndinawapempha kuti achite pamaso panga mmene amachitira. Anatsegula, kudina poyika chithunzi, kusankha chithunzi, pulogalamu n'kutsekeka nthawi yomweyo. Tinabwereza, chimodzimodzi. Ndinajambula chithunzi chatsopano pompo n'kuchitumiza, chinapita. Kusiyana kwake kunali kwakuti zithunzi zawo zakale zinali pa memori khadi, chatsopanocho chinali m'foni. Tinakopera chimodzi cha zakalezo m'foni, chinapita. Apa wina akanati khadi yafa. Koma khadiyo inkatsegula zithunzi bwinobwino m'mapulogalamu ena onse, ndipo nditayika khadi yanga m'foni mwawo, pulogalamu ija inatsekekanso. Nditawafunsa kuti zinayamba liti, anati, "Lachiwiri, mdzukulu wanga atandikonzera zoti zikhale zatsopano." Ndiye kuti pulogalamuyo inali itangolandira update, kutanthauza mtundu wake watsopano wochokera kwa opanga. Limeneli ndiye bug weniweni: limabwera nthawi iliyonse ukatsata njira yomweyo, lili ndi tsiku limene linayamba, ndipo zina zonse tazichotsapo. Mayiwo anapita akudziwa kuti pakadali pano azikopera kaye zithunzi m'foni, ndipo ine ndinalemba lipoti.

Wolandira lipoti lanu sakudziwani, Angónia sakuidziwa, foni yanu sanaigwirepo. Chimene akufuna ndi kuti vuto lanulo alichititse pa foni yake, chifukwa chimene sangachione sangachikonze. Choncho mumuuze mtundu wa foni ndi nambala yake yonse, osati "Tecno" kapena "Samsung" chabe, Android yake ndi iti, ndi nambala ya pulogalamuyo, imene imapezeka pa tsamba lofotokoza za pulogalamu m'makonzedwe a foni. Kenako njira imene munatsata, sitepe ndi sitepe, chimene mumayembekeza ndi chimene chinachitika. Langa la mayi aja linali chonchi: "Ndikatsegula poyika chithunzi n'kusankha chithunzi cha pa memori khadi, pulogalamu imatsekeka nthawi yomweyo. Cha m'foni chimapita. Ndayesa makhadi awiri, pa mamega ndi pa Wi-Fi, zotsatira zake n'zomwezo. Zinayamba pambuyo pa update ya sabata ino." Ndinawonjeza manambala aja, basi. Mawu oti "tayesa ichi, sichinathandize" ndi amtengo wapatali chifukwa amamupulumutsa munthuyo ku ntchito imene inu mwaigwira kale. Kulalata sikuthandiza. Ndipo ngati pa sikirini patuluka mawu ofotokoza vuto, akopereni ndendende mmene alili, musawafotokoze m'mawu anu. Lembani m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, ziganizo zifupizifupi, vuto limodzi pa lipoti limodzi.

Chithunzi cha sikirini chimathandiza kwambiri. Pa mafoni ambiri a Android mumadina pamodzi batani lozimitsira ndi lotsitsira mawu. Vuto likakhala loyenda, monga kutsekeka kuja, vidiyo ya sikirini ndiye yabwino, ndipo kuyambira Android 11 chojambulira chake chimabwera ndi foni. Musanatumize, yang'anani zimene zikuoneka pa chithunzicho: manambala a anthu, macheza a m'banja, uthenga wa M-Pesa kapena e-Mola umene wangotulukira pamwamba. Zimenezo zidulenimo.

Kotumiza kwake ndi m'kati mwa pulogalamu momwemo. Pa Facebook pitani pa gawo la chithandizo, mupeza "Comunicar um problema" kapena "Relatar um problema", malingana ndi Chipwitikizi chimene foni yanu ikulankhula. Pa mafoni ena kungoigwedeza foni muli mu Facebook kapena Instagram kumatulutsa bokosi lomweli, ndipo ambiri limawadzidzimutsa akakhala pa njinga yamoto. Pa WhatsApp ndi m'makonzedwe, pa "Ajuda". Ubwino wotumizira m'katimu ndi wakuti pulogalamu imatha kuphatikiza kaundula wa zimene zinkachitika m'kati mwake nthawi imeneyo, ndiye tumizani vuto litangochitika, osati mawa lake. Musasokoneze njira imeneyi ndi "Denunciar", imene ndi yonenezera munthu wotukwana kapena wakuba. Akaunti yobedwa nayonso ili ndi khomo lake, pa facebook.com/hacked.

Kulemba pa tsamba lanu kuti "Facebook ndithandizeni" sikufika kwa wokonza aliyense. Amene amayankha msanga ndi akathyali, odzitcha a chithandizo, amene amapempha pasiwedi kapena manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp yakutumizirani pa SMS. Mukangowapatsa, akaunti yapita, ndipo madzulo omwewo abale anu ayamba kulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lanu. Kukonza bug sikufuna pasiwedi yanu ngakhale pang'ono. Ndiwonjezepo za GB WhatsApp ndi anzake amene anyamata amapatsirana pamsika: si a kampani ya WhatsApp, angakutseketseni nambala, ndipo akavuta mulibe kokadandaula.

Mukatumiza lipoti musayembekeze kuti wina akuimbirani. Makampaniwa ali ndi ogwiritsa ntchito mabiliyoni, ndipo malipoti amawaunjika m'magulu n'kuyamba ndi vuto limene lakhudza ambiri kapena loopsa kwambiri. Apa ndi pamene ife timatsalira. Foni yotsika mtengo, ya memori yochepa, yodalira khadi, pa netiweki imene imatsika kuchoka pa 4G kufika pa 2G ukangodutsa phiri, si imene opanga mapulogalamu amayenda nayo m'thumba. Ngati mwa anthu makumi awiri amene vuto lawagwera ku Domwe kapena ku Furancungo palibe amene walemba, kwa opangawo vutolo kulibe. Choncho mukapeza mnzanu amene zikumuchitikira zomwezo, naye atumize lake kuchokera pa foni yake. Kukonzako kukachitika kumabwera mu update ina, ndipo update sifika kwa onse tsiku limodzi, kotero mnzanu angachire lero inu n'kudikira sabata. Muziyang'ana pa Play Store, ndipo ngati mamega ndi ovuta, dikirani mukafike pamene pali Wi-Fi.