Rozi wa Apothecary safiira ngati magazi

Ambiri akamva zoti rozi wa Apothecary (mawu otanthauza wopanga mankhwala), amene dzina lake la sayansi ndi Rosa gallica 'Officinalis', ndiye duwa lofiira la banja lachifumu la Lancaster ku England, amaganiza kuti ndi lofiira psuu ndipo limachita maluwa chaka chonse. Sizili choncho. Mtundu wake ndi pinki woderapo, pakati pali timaulusi tachikasu, ndipo limamasula kamodzi kokha pachaka, m'nyengo yotentha ya ku Ulaya. Kufiira kwenikweni ndi kumasula mobwerezabwereza zinachokera ku China, kudzera mwa maluwa ngati Slater's Crimson China amene anafika ku England cha m'ma 1792.

Kulakwitsaku kumawononga mbewu. Rozi ameneyu amaika maluwa pa nthambi za chaka chatha, choncho mukamudulira kwambiri asanamasule, monga achitira ndi marozi amakono, mwadula maluwa a chaka chimenecho. Dikirani amalize, muchotse nthambi zouma, zotsalazo muzifupikitse ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Amatalika pafupifupi mita imodzi, ndipo mizu yake imaphukira mphukira patali, zofunika kuzula.

Fungo lake silitha ngakhale maluwawo auma, n'chifukwa chake ku Provins, ku France, ankapangira mankhwala.