Fungo limene limaitana ntchentche, udzudzu ndi makoswe pakhomo

Ntchentche, udzudzu ndi makoswe zimalondola fungo, ndipo nthawi zambiri nyambo yake timatchera tokha osadziwa.

Ntchentche imakopeka ndi chimbudzi, matumbo a nsomba, makoko a nthochi ovunda ndi madzi otsukira mbale. Ikachoka kumeneko n'kutera pa nsima, imasiyapo tizilombo ta kolera ndi kamwazi. Kukamatentha, dzira lake limasanduka ntchentche youluka m'masiku 7 mpaka 10, choncho zinyalala za kudzala muzizikwirira ndi dothi tsiku lililonse. Pachimbudzi chokumba ikani chivundikiro chokwana bwino pabowo, ndipo mukatha kudzithandiza thiranimo phulusa lodzaza dzanja.

Chimbudzi cha paipi yotulutsa fungo n'chosiyana, ndipo ambiri amalakwitsa pamenepa. Bowo lake silivundikiridwa, chifukwa mpweya uyenera kulowa pabowo n'kutulukira kupaipi. M'kati mukhale kamdima, pamwamba pa paipi pakhale sefa. Ntchentche za m'dzenje zimatsata kuwala, zimakwera paipi, n'kufera pa sefapo. Kuno ku Mzuzu mvula sikata msanga, ndiye sefa ya waya imachita dzimbiri n'kubooka. Muziiyang'ana mvula isanayambe komanso ikatha.

Udzudzu wa malungo umatsata mpweya umene timatulutsa popuma, thukuta ndi fungo la mapazi. Mayi woyembekezera amakopa udzudzu pafupifupi kawiri kuposa mnzake, popeza amatulutsa mpweya wambiri ndipo thupi lake limatentherako. Womwa mowa nayenso umamukonda. Kusamba madzulo sikukwanira, pakuti kupuma simungasiye. Gonani m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, ngakhale mu June kukamazizira.

Makoswe amabwerera gaga, mtedza ndi mkute. Matumba a chimanga akhale pathandala, osagunda khoma, ndipo mbale zisagone zosatsuka. Choopsa kwambiri ndi nyambo ya poizoni, monga temeki wosakaniza ndi nsima kapena usipa: chimene chakopa khoswe chimakopanso mwana wokwawa, nkhuku ndi galu. Msampha ndi wabwinoko. Mwana akadya nyambo yotere, n'kuyamba kutuluka dovu, thukuta ndi kubanika, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Thamangirani naye kuchipatala cha Mapale kapena cha Mzuzu Central, mutatenga pepala la mankhwalawo.

Opita cha ku nkhalango ya Vwaza ku Rumphi, kumene kuli ntchentche za tsetse zofalitsa kaodzera, apewe zovala zabuluu ndi zakuda. Mitundu imeneyi imaziitana, monganso fungo la mkodzo wa ng'ombe. Nsalu zabuluu ndi zakuda zimene mungazione zitaimikidwa m'tchire ndi misampha yopakidwa mankhwala, musazichotse. Mukabwerako n'kuyamba kutentha thupi ndi mutu, makamaka ngati pamene munalumidwa pali chilonda, uzani adokotala kumene munali kuti akuyezeninso kaodzera.