Mafuta a m'thupi sasungunuka ndi tiyi: uthenga kwa anthu a mumzinda wa Mzuzu

Uthenga uwu ukupita kwa amayi, abambo ndi achinyamata a mumzinda wa Mzuzu amene akufuna kuchepetsa thupi, makamaka amene ayamba kumwa tiyi, ufa ndi mapiritsi amene akutsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, m'masaluni ngakhalenso m'maofesi, ati amasungunula mafuta a pamimba m'masiku owerengeka. Ife a zaumoyo tikunena mosapsatira mawu kuti palibe tiyi, madzi a mandimu kapena lamba womanga pamimba amene amasungunula mafuta, ndipo zina mwa zinthu zimenezi zimaika moyo pachiswe. Mafuta amachepa pokhapokha thupi likamagwiritsa ntchito mphamvu zambiri kuposa zimene likulandira kuchokera m'chakudya, ndipo njira yodalirika yochitira zimenezi ili m'ntchito zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, zimene sizilira ndalama.

Chimene chimachititsa kunenepa n'chodziwika. Chakudya chilichonse chimapatsa thupi mphamvu, zimene zimayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, ya mowa imapereka 7, pamene ya shuga, ya ufa kapena ya zomanga thupi imapereka 4. Zimene thupi silinagwiritse ntchito limazisunga monga mafuta. Chibadwa, msinkhu, kusagona mokwanira ndi mankhwala ena zimathandizirako, koma kwa anthu ambiri a m'tauni vuto lagona pa kudya monga wolima pamene tsiku lonse latha uli pampando. Zotsatira zake ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, matenda a mtima, kufa ziwalo ndi kuphwanya kwa mawondo. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliyense anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Choncho amene akuda nkhawa ndi kukula kwa mimba yake sakulakwitsa. Kulakwitsa kuli pa njira imene ambiri akusankha.

Otsatsa tiyi amalonjeza kuti munthu atsika ndi makilogalamu 5 pa sabata imodzi, ndipo amaonetsa zithunzi ziwiri za munthu mmodzi pofuna kutsimikizira. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, kutanthauza kuti makilogalamu 5 ndi makalori 38,500. Munthu wamkulu amagwiritsa ntchito makalori apakati pa 2,000 ndi 2,500 patsiku, amene pa sabata sapitirira 17,500. Ngakhale munthuyo atakhala sabata yonse osalawa kanthu, sangachotse mafuta ochuluka chotero. Komabe sikelo imatsikadi, ndipo apa m'pamene anthu amanamizika. Chimene chachoka ndi madzi pamodzi ndi zimene zinali m'matumbo, monga mmene nsalu yonyowa imapepukira mukaifinya pamene nsaluyo ikadali yomweyo. Munthu akangomwa madzi ndi kudya bwino kwa masiku awiri kapena atatu, sikelo imabwerera pakale, iye n'kuganiza kuti tiyi anachepa, n'kukagulanso wina.

Tiyi wambiri wa mtundu umenewu amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba, monga masamba a senna, kapena mankhwala okodzetsa. Ogulitsa amauza makasitomala awo kuti kutsegula m'mimbako ndiye umboni wakuti mafuta akutuluka. Limeneli ndi bodza loopsa. Pamene chakudya chikufika m'matumbo aakulu, kumene mankhwala otsegula m'mimba amagwira ntchito, mphamvu zake zambiri zimakhala zitalowa kale m'magazi. Chimene munthu akutaya kuchimbudzi ndi madzi ndi michere ya m'thupi monga potaziyamu, amene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Potaziyamu akachepa, munthu amafooka, amamva kukokana kwa minofu, mtima umagunda mosalongosoka, ndipo madzi akapitiriza kutha impso zimavulala. Mayi amene amamwa mapiritsi olera adziwe kuti kutsegula m'mimba kwambiri kungachititse kuti mapiritsiwo asagwire bwino ntchito. Palinso mapiritsi ena olembedwa kuti ndi a zitsamba zokhazokha amene m'mayiko ena apezekapo ndi mankhwala otchedwa sibutramine, amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Munthu wa BP amene akumwa zinthu zoterezi akudziika pangozi yeniyeni imene akuti akuithawa. Muno m'Malawi ntchito yoyang'anira mankhwala ili m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ufa wa m'kapepala kapena m'kabotolo kopanda dzina la wopanga, wogulitsidwa kuchokera m'chikwama cha munthu, palibe amene angakutsimikizireni zimene zili m'katimo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zinthu zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo ana a zaka 5 mpaka 17 azitakataka kwa mphindi 60 patsiku. Mphindi 150 ndi theka la ola kwa masiku asanu, ndipo sizifunika kuchitika pakamodzi. Mphindi 10 m'mawa, 10 masana ndi 10 madzulo zimawerengedwa ndithu. Munthu wolemera makilogalamu 70 akayenda ndawala kwa mphindi 30 amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 140, ndipo wolemera kuposa pamenepo amagwiritsa ntchito ochulukirapo. Muyeso wake ndi wosavuta: muziyenda mothamangirako mpaka kupuma kusinthe, koma mukutha kulankhula ndi mnzanu.

Mzinda wathu uli ndi mwayi umene anthu a kunyanja alibe. Kuno n'kozizira, moti munthu akhoza kuyenda masana osapsa ndi dzuwa monga ku Karonga kapena ku Nkhata Bay, ndipo kuli zitunda, zimene zimalimbitsa miyendo ndi mtima kuposa malo athyathyathya. Chimene chatilanda mwayi umenewu ndi kabaza. Munthu amatuluka mumsika waukulu atanyamula kajumbo ka tomato ndi usipa, n'kuimika njinga yamoto kuti imufikitse pamalo amene akadayenda kwa mphindi 15. Sitikunena kuti wa ku Luwinga kapena wa ku Mchengautuwa aziyenda pansi mpaka m'tauni tsiku lililonse. Tikunena kuti atsike pa siteji imodzi asanafike kumene akupita, kapena akwere popita kuntchito n'kuyendako gawo lina la ulendo pobwerera. Wa ku Chibavi, ku Chibanja kapena ku Katoto akhoza kuyenda ulendo wonse pa masiku amene kulibe mvula. Amene ali ndi galimoto aiimike pamalo amodzi n'kuyenda pansi popita kubanki, kumsika ndi kusitolo, m'malo moisuntha pakhomo lililonse. Ena amachita manyazi, ati anthu aziti ndalama zawathera. Manyazi omwewo ndi amene amakankhira munthu kwa wogulitsa tiyi, chifukwa tiyi amamwedwa mobisa m'nyumba pamene kuyenda kumachitika pamaso pa anthu. M'miyezi ya June ndi July, pamene kumakhala chifunga ndi mvula yowaza, valani juzi ndi nsapato zosaterera, ndipo mukamayenda m'mbali mwa msewu wa M1 m'mamawa kapena madzulo muzivala zowala ndi kuyang'anizana ndi magalimoto akubwera.

Ntchito zapakhomo nazo zimatentha mafuta. Kusesa pabwalo, kukolopa, kuchapa ndi manja, kutchetcha udzu, kuwaza nkhuni, kulima kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba ndi kutunga madzi ndi ntchito zogwiritsa minofu ikuluikulu ya miyendo ndi msana, ndipo WHO imalangizanso kuti minofu izilimbitsidwa masiku osachepera awiri pa sabata. M'mabanja ambiri ntchito zonsezi zimasiyidwa kwa ana ndi antchito, mwini nyumba n'kumangotuma ali pampando, ngakhale madzi akumwa amene ali pafupi. Abambo makamaka aganizirepo, pakuti ndi iwo amene amachoka pampando wa ku ofesi, kukhala pampando wa galimoto, n'kukathera pampando wa pabalaza. Amene ntchito yawo ndi yokhala pansi, monga a m'maofesi, osoka pa makina, ogulitsa m'mashopu ndi oyendetsa minibasi, aziimirira ndi kuyendako kwa mphindi ziwiri kapena zitatu pakatha theka la ola kapena ola lililonse. Foni ikalira, yankhani mutaimirira. Uthenga wa mnzanu wa chipinda chachiwiri kaperekeni pamaso. Pamene pali masitepe, kwerani. Chilichonse mwa izi pachokha n'chochepa kwambiri, koma chimabwerezedwa kambirimbiri pa tsiku, chaka chonse.

Chizolowezi chimodzi chimene tikuchilimbikitsa kwambiri ndi kuyenda kwa mphindi 10 kapena 15 mukangomaliza kudya, makamaka nsima ya madzulo. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, choncho shuga sakwera kwambiri monga amachitira munthu akadya n'kukagona. Izi n'zothandiza kwambiri kwa amene ali ndi matenda a shuga kapena amene kubanja kwawo matendawa alipo.

Tisabisepo kanthu: zimene mwatentha poyenda zikhoza kubwerera ndi chakumwa chimodzi. Botolo la mamililita 300 la zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8, amene ndi makalori ofanana ndi kuyenda kwa theka la ola. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo aliyense amene anaimapo pachiwaya akudziwa kuchuluka kwa mafuta amene chipisi chimamwa. Kasupuni kamodzi ka shuga ndi makalori 16, moti wothira timasupuni titatu m'kapu, kawiri patsiku, wamwa makalori pafupifupi 100 asanadye mandasi. Chepetsani kasupuni kamodzi, chotsaniko mtanda umodzi wa nsima, onjezerani nkhwani, chigwada kapena nyemba, ndipo ludzu muzilithetsa ndi madzi. Thukuta lisakunamizeni. Kuvala mapulasitiki kapena majekete ochindikala pothamanga, ndi kumanga lamba wothina pamimba, kumangochotsa madzi monga mmene tiyi uja amachitira, ndipo palibe chovala kapena masewera amene amachotsa mafuta a pamimba pokha.

Njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo kuchedwa kwakeko n'kumene kumabweza anthu kwa ogulitsa tiyi. Kuyenda theka la ola tsiku lililonse kwa mwezi ndi makalori pafupifupi 4,200, kapena kuti theka la kilogalamu, ngati munthu sanawonjezere kudya. Mukaphatikiza ndi kusintha kadyedwe, kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata ndiwo mlingo wabwino. Musaupeputse. Munthu wa makilogalamu 90 akachotsa 5 kapena 6 okha, BP ndi shuga zimayamba kusintha. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anaonetsa kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga, atathandizidwa kuchepetsa thupi pang'ono ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chawo chinatsika ndi 58 peresenti. Ngakhale sikelo itaima, kuyendako kumakhala kukuthandiza mtima, tulo ndi shuga. M'malo mokwera sikelo m'mawa uliwonse, yezani mimba ndi tepi ya telala kamodzi pamwezi. Kuzungulira kwake kusapitirire theka la kutalika kwanu.

Amene ali ndi BP, shuga, matenda a mtima kapena mphumu, ndiponso amene akhala zaka zambiri osachita zolimbitsa thupi, ayambe pang'onopang'ono ndipo akambirane ndi achipatala. Amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga asayende mtunda wautali ndi njala, ndipo azinyamula kanthu kotsekemera. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosadziwika bwino, imani pomwepo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ndi kulephera kulankhula ndi zizindikiro za sitiroko, ndipo sizifunika kudikira kuti kuche. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asamwe tiyi kapena mapiritsi ochepetsa thupi ngakhale pang'ono. Amene akumwa ma ARV n'kuona kuti thupi likukwera asasiye mankhwala ake ndipo asawasakanize ndi zitsamba, koma akanene kukiliniki kumene amalandirira. Munthu amene akuonda popanda kusintha kadyedwe kapena kayendedwe asasangalale, chifukwa kuonda kotero kumatha kukhala chizindikiro cha shuga, chifuwa chachikulu, HIV kapena khansa, ndipo ayenera kukayezetsa.

Ngati mwayamba kale kumwa tiyi kapena mapiritsi amenewa, siyani lero, ngakhale mutawagula modula. Mukamatsegula m'mimba, imwani madzi ambiri ndi Thanzi ORS. Mukaona kuti mtima ukugunda mothamanga, mukukodza pang'ono, mukufooka kwambiri kapena maso achita chikasu, pitani msanga kuchipatala cha Mapale, kuchipatala chachikulu cha Mzuzu kapena china chilichonse chimene muli nacho pafupi, ndipo munyamule paketi kapena botolo la zimene mwakhala mukumwazo kuti adokotala azione. Musabise poopa kukalipiridwa, pakuti dokotala amene sakudziwa zimene mwamwa akhoza kukupatsani mankhwala osagwirizana nazo. Mukafika, pemphaninso kuti akuyezeni BP, shuga ndi kulemera kwa thupi, ndipo manambalawo alembedwe m'buku lanu lachipatala kuti mudzathe kuyerekeza pakatha miyezi itatu.