Zigamba zomwe boma la Netherlands linasoka pa mapu a Google

Google Earth, pulogalamu yoonetsa dziko lapansi pa zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, itatuluka mu 2005, aliyense wokhala ndi kompyuta ndi intaneti anayamba kusuzumira padenga la nyumba iliyonse ali khale pampando wake. Maboma ambiri sanagone nazo tulo. Nyumba zachifumu, mabwalo a ndege zankhondo, nkhokwe za zipolopolo ndi za mafuta, zonse zinali pambalambanda.

Dziko la Netherlands linali kale ndi lamulo la mu 1959 loletsa kujambula dzikolo kuchokera mumlengalenga popanda chilolezo cha unduna wa zachitetezo. Choncho malo achinsinsi ankabisidwa kaye zithunzi zisanafike pamaso pa anthu. Kumaiko ena obisa ankakonda kupaka chimbuuzi, kapena kuyeretsa malowo kuti mbee. Ku Netherlands kunali kosiyana. Pamalo pa kampu ya asilikali pankaikidwa tizidutswa tangodyangodya, tobiriwira, tofiirira, totuwa, tolumikizana ngati nsalu yosokedwa ndi zotsala za telala.

Mishka Henner, mmisiri wa zithunzi wobadwira ku Brussels mu 1976 yemwe amakhala ku Manchester, anaziona zigambazi n'kuyamba kuzisaka pamapu. Mu 2011 anazitulutsa pamodzi pa dzina loti Dutch Landscapes, kutanthauza maonekedwe a dziko la Netherlands. Taonani chithunzi cha nkhokwe ya NATO, mgwirizano wa zankhondo wa maiko a ku Ulaya ndi North America, m'tauni ya Coevorden. M'mbali monse muli minda ndi misewu, zonse zooneka bwinobwino. Kenaka pakati, mwadzidzidzi, dziko laphwanyika ngati galasi, ndipo diso silifunanso kuchokapo. Chimodzimodzi nkhokwe ya zipolopolo ya ku Staphorst. Munthu amene sankadziwa n'komwe kuti kumeneko kuli zida, chigambacho chinkamulozera ndi chala.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti dziko limeneli ndi lopangidwa kale ndi manja. Gawo lalikulu eni dzikolo analanda kunyanja pomanga zipupa zotchinga madzi ndi kukumba ngalande, n'chifukwa chake minda yake imaoneka ngati yolembedwa ndi rula. Akatswiri ojambula ndi utoto a m'zaka za m'ma 1600, monga Jacob van Ruisdael, anatchuka pojambula minda ndi mitambo ya komweko. Wobisa uja, amene sitimudziwa dzina, anawonjezera dzanja lake pa mwambo umenewu asakudziwa.

Alipo amene amati Henner sanajambule kanthu, poti sanakwere ndege, sanagwire kamera, anangotola za eni. Ine sindigwirizana nawo. Zigambazo zinalipo kwa zaka, anthu ambirimbiri n'kumazidutsa. Iye ndi amene anaima, nasankha poyambira ndi pothera chithunzi, nachikuza, nachipachika pakhoma kuti tifunse: kodi pansi apa pali chiyani, ndipo ndani analamula kuti tisaone? Imeneyo ndi ntchito ya wojambula.

Lamulo lija linathetsedwa mu 2013, ndipo zithunzi zatsopano zitayamba kulowa pa mapu zigambazo zinayamba kuzimiririka. M'chaka chomwecho Ruud Lubbers, yemwe anali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 1982 mpaka 1994, ananena poyera kuti pa bwalo la ndege zankhondo la Volkel, limodzi mwa malo omwe ankabisidwa pa mapu, pankasungidwa mabomba a nyukiliya 22 a dziko la America.