Mamiliyoni a Doris Day anapita kuti?

Pa 20 Epulo 1968, Martin Melcher, mwamuna wa katswiri wa mafilimu Doris Day, anamwalira ku Los Angeles. Pa nthawiyo mayiyu anali atagwira ntchito ku Hollywood kwa zaka 20, ndipo m'zaka za 1960, 1962, 1963 ndi 1964 eni nyumba zoonetsera mafilimu ku America anamuika patsogolo pa akatswiri onse okopa anthu, amuna ndi akazi omwe. Dziko lonse linkamutenga ngati mpondamatiki, ndipo iyenso ankadziona choncho. Maliro atatha, mwana wake Terry anayamba kufukula mapepala a bambo ake omupezawo. Zimene anapeza zinali zoziziritsa nkhongono: ndalama pafupifupi madola 20 miliyoni zimene mayi ake anakhetsera thukuta zinali zitapita, ndipo pamalo pake panali ngongole ya pafupifupi theka la miliyoni.

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za anthu ndi za makampani, ndipo nkhani ya mayi ameneyu ndimaifotokoza kawirikawiri kwa amene amabwera ku ofesi kwanga. Chifukwa chake n'chakuti si mphekesera ayi. Inafika kukhoti, oweruza anaunika mapepala kwa miyezi, ndipo njira imene ndalamazo zinadutsa inalembedwa.

Anabadwa mu 1922 mumzinda wa Cincinnati, m'chigawo cha Ohio, m'banja lochokera ku Germany. Dzina lake lenileni linali Doris Kappelhoff. Ali mtsikana ankafuna kudzakhala wovina, koma mu 1937 galimoto imene anakwera inagundidwa ndi sitima ya pamtunda ndipo mwendo wake wakumanja unathyoka kwambiri. Ali chigonere, anayamba kuimba motsatira wailesi, makamaka mawu a Ella Fitzgerald, ndipo ndi mmene luso lina linatulukira. Anaimba m'magulu osiyanasiyana mpaka anafika m'gulu la Les Brown. Mu 1945 nyimbo yawo ya Sentimental Journey inagwira mitima ya asilikali amene ankabwerera kwawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikutha. Mu 1948 anapanga filimu yake yoyamba ku kampani ya Warner Bros.

Apa tiyambe kuona mmene ndalama zinkayendera. M'zaka zimenezo, makampani akuluakulu a mafilimu ankalemba akatswiri pa kontirakiti ya zaka 7. Katswiri ankalandira malipiro pa sabata ngati wantchito wina aliyense. Filimu ikagulidwa kwambiri, phindu linali la kampani. Malipirowo anali abwino ndithu, koma sindiwo ankapangitsa munthu kukhala wa mamiliyoni. Ndalama zenizeni zinkabwera katswiri akamasuka pa kontirakitiyo n'kuyamba kukambirana mtengo wa filimu iliyonse payokha, nthawi zina n'kutengako gawo la phindu. Doris anafika pamenepo chapakati pa zaka za m'ma 1950. Anasewera mu The Man Who Knew Too Much ya Alfred Hitchcock mu 1956, mmene anaimbamo Que Sera, Sera, kenaka Pillow Talk mu 1959 limodzi ndi Rock Hudson, filimu imene inamufikitsa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar. Kuwonjezera apo panali ndalama za zimbale. Mitsinje iwiri inkathira m'dziwe limodzi.

Dziwelo ankaliyang'anira Melcher. Iye poyamba anali wopezera akatswiri ntchito, ndipo anakwatira Doris pa 3 Epulo 1951. Kwa Doris, limeneli linali banja lachitatu. Mwamuna woyamba, woimba lipenga Al Jorden, bambo ake enieni a Terry, ankamumenya, ndipo banja lachiwiri silinakhalitse. Ndikuganiza kuti munthu amene wadutsa m'zimenezi akapeza mwamuna womuuza kuti iwe ingoimba, za ndalama ndisiyire ine, amamva ngati watula mtolo. Mu 1952 awiriwa anatsegula kampani yawo, Arwin Productions. Kuyambira pamenepo ndalama za Doris zinkadutsa m'manja mwa Melcher, ndipo Melcher ankazipereka kwa loya wina dzina lake Jerome Rosenthal, yemwe anaimira Doris pa mlandu wothetsa banja lake lachiwiri mu 1949.

Ena amafunsa kuti bwanji sanangoika ndalamazo ku banki. Yankho lake lili pa msonkho. Kuyambira 1954 mpaka 1963, banja la ku America likapeza ndalama zopitirira madola 400,000 pa chaka, pa dola iliyonse ya pamwamba pa malirewo boma linkatengapo masenti 91. Munthu ankatsala ndi masenti 9. Koma malamulo omwewo anali ndi zipata. Woika ndalama pa zitsime za mafuta ankaloledwa kuchotsera zambiri zimene wawononga pokumba, ndiponso gawo la 27.5 peresenti ya ndalama zochokera ku mafutawo silinkadulidwa msonkho. Ng'ombe ndi nyumba zikuluzikulu zinalinso ndi ubwino wake pa msonkho. Choncho akatswiri ambiri a Hollywood ankathamangira ku mafuta, ng'ombe ndi mahotela, ngakhale sankadziwa kanthu za malonda amenewa. Ndalama za Doris zinapitanso komweko, kuphatikizapo mahotela awiri akuluakulu, ina ku Dallas ina ku Palo Alto.

Vuto la malonda othawira msonkho ndi ili: mwini ndalama amazolowera kumva kuti kuluza n'kwabwino. Akaona pepala likusonyeza kuti chitsime chataya ndalama, mlangizi amamuuza kuti musadandaule, zimenezi zikuchepetsa msonkho wanu. Nthawi zina zimakhala zoona. Koma chizindikiro chimene chikanamuchenjeza kuti zinthu zikulakwika chimakhala chazimitsidwa, ndipo kuluza kwenikweni kumabisala pakati pa kuluza kwa papepala.

Tsopano ndifike pa chimene ine ndimachiona ngati muzu wa zonse. Rosenthal sanali loya chabe. Ndiye ankalangiza kumene ndalama ziikidwe, ndiye ankazisunga, ndiye ankalemba mabuku osonyeza mmene zayendera, ndiyenso ankalangiza za msonkho. Pa ntchito yathu, lamulo loyamba limene timaphunzira n'lakuti mipando imeneyi isakhalidwe ndi munthu mmodzi. Wogwira ndalama akhale wina, wolemba mabuku akhale wina, ndipo pabwere wachitatu wochokera kunja, wosadya nawo, kudzayerekeza mabukuwo ndi zimene banki ikunena. Sikuti timaganizira aliyense kuti ndi wakuba. Ngakhale munthu wokhulupirika amalakwitsa, ndipo akalakwitsa popanda womuona, chiyeso chobisa cholakwacho ndi ndalama zina chimakula. Ndaonapo zimenezi m'makampani ang'onoang'ono, m'mipingo ngakhalenso m'magulu a banki m'khonde: msungichuma ndiye mlembi, ndiyenso wopereka lipoti, ndipo anthu amangowomba m'manja chaka ndi chaka mpaka tsiku logawana.

Panalinso mgwirizano wa 1956 umene unkapatsa loyayo magawo 10 pa 100 aliwonse a pafupifupi chilichonse chimene banjali linkapeza kapena kukhala nacho. Tangoganizani. Munthu amene akukulangizani ngati mgwirizano uli wabwino kwa inu ndi yemweyo amene akupindula nawo. Loya akafuna kuchita malonda ndi kasitomala wake, malamulo a ntchito yawo amafuna kuti afotokoze zonse poyera ndipo kasitomalayo apatsidwe mpata wokafunsa kwa loya wina. Khoti linapeza kuti Rosenthal anaphwanya udindo umenewu mobwerezabwereza, kuti ankapindula mobisa pa malonda amene ankalowetsamo banjali, ndiponso kuti ankasakaniza ndalama za makasitomala ake. Kusakanizaku anthu ambiri sakuona kuopsa kwake. Ndalama zanu zikalowa mu akaunti imodzi ndi za anthu ena ndi za wosungayo, palibenso angaloze kuti dola iyi ndi ya uje. Pobweza ngongole ya wina amatha kugwiritsa ntchito zanu, inu osadziwa, mabuku n'kumaoneka bwinobwino.

Ndipo Doris ankasaina. Pepala likabwera, mwamuna wake akati saina apa, ankasaina n'kubwerera ku ntchito. Sindikunena izi momunyoza. Ankapanga mafilimu awiri kapena atatu pa chaka, kujambula nyimbo, kulera mwana. Koma siginecha ndi siginecha. Lamulo silifunsa ngati munawerenga.

Ngongole sinali yokha imene Melcher anamusiyira. Anali atamulonjeza kale ku kampani ya wailesi ya kanema ya CBS kuti adzapanga sewero la sabata ndi sabata, mwini wake osadziwa. Doris sankafuna ntchito ya pa wailesi ya kanema, koma analibe kolowera. The Doris Day Show inayamba mu 1968 momwemo, miyezi yochepa chimwalirire mwamuna wake, ndipo inatha mu 1973. Sewero limene analikakamizidwali ndi limene linamuimikanso pa miyendo yake. Filimu yake yomaliza, ya nambala 39, inatulukanso mu 1968, ndipo sanapangenso ina.

Mlandu wosumira Rosenthal unayamba mu 1969. Unazengedwa mu 1974 kwa masiku 99, ndipo woweruza Lester Olson analamula kuti Doris apatsidwe madola 22.8 miliyoni. Nyuzipepala zinalemba chiwerengerochi ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mpaka lero ambiri amaganiza kuti mayiyu anabwezeredwa zonse. Sizinatero. Chigamulo cha khoti ndi pepala lonena kuti wakuti ali nanu ngongole. Sichipanga ndalama pamene palibe. Ngati wolakwayo anadya kale kapena anaziika m'mahotela amene anagwa, muyenera kufufuza kumene mungatape. Loya amakhala ndi inshuwaransi yolipira makasitomala akawalakwira pa ntchito, ndipo ndi kumeneko kumene Doris anapezako kanthu: anagwirizana ndi makampani a inshuwaransi kuti amupatse pafupifupi madola 6 miliyoni, molipira pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Rosenthal anapitiriza kuchita apilo. Khoti la apilo la California linagwirizana ndi chigamulocho mu 1985, ndipo loyayo analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya uloya mu 1987, patapita zaka 19 chimwalirire Melcher.

Nanga Melcher, anali wakuba kapena wopusitsidwa? Doris mwini ananena poyera kuti sankakhulupirira kuti mwamuna wake anachita dala, koma kuti anadalira munthu wolakwika. Ndimalemekeza mawu amenewa, popeza iye ndiye anakhala naye zaka 17. Komabe monga wowerengera ndalama sindingamuchotsere mlandu wonse. Anadzisankha yekha kukhala woyang'anira chuma cha mkazi wake, ankalandira malipiro pa udindowo, ndipo anasainira mkazi wake ntchito imene mkaziyo sanaifune. Munthu wotenga udindo wotere akalephera kuitana wofufuza mabuku wochokera kunja n'kumvera zimene wapeza, ndiye kuti walephera ntchito yake, kaya mtima wake unali woyera bwanji.

Chimene chimandikhudza n'chakuti mayiyu sanathere m'makhoti. Anasamukira ku Carmel, m'mphepete mwa nyanja ku California, n'kuika moyo wake pa kusamalira nyama. Mu 1978 anayambitsa bungwe lothandiza agalu ndi amphaka osowa pokhala, ndipo mu 1987 anayambitsa lina, Doris Day Animal League, lomenyera malamulo oteteza nyama. Anagulanso gawo la hotela yaing'ono ya Cypress Inn, imene inatchuka chifukwa cholola alendo kugona ndi ziweto zawo. Nthawi ino anali mwini wa malonda amene ankawaona ndi maso ake, m'tauni imene ankakhala. Terry, amene anafukula mapepala aja n'kuima ndi mayi ake pa mlandu wonse, anamwalira ndi khansa mu 2004, chaka chimene Doris anapatsidwa mendulo yaulemu ya pulezidenti wa America.

Pali pepala limodzi lomaliza. Kwa zaka zambiri Doris ankanena kuti anabadwa mu 1924. Mu 2017 atolankhani a Associated Press anapeza chikalata chake cha kubadwa ku Ohio, ndipo chinkasonyeza 1922. Ankakonzekera kukondwerera zaka 93, koma anali akukwanitsa 95. Anamwalira pa 13 Meyi 2019 kunyumba kwake ku Carmel Valley, ali ndi zaka 97.