Mukufuna kukhala editor wa kanema? Gulani kaye mahedifoni

Achinyamata akandipeza funso lawo limangokhala limodzi, "bwana ndigule kamera yanji?" Ine ndimati gula kaye mahedifoni abwino. Amaseka, koma sindicheza ayi. Woonera amapirira chithunzi chamdima pang'ono, koma mawu akangoyamba kukhwekhwereza, wasintha channel basi.

Tinakajambulapo agogo ena ku Ntcheu akukamba za njala ya 2002. Kucheza kwa mphindi 40, mu documentary munalowa 3 zokha, ndiye ntchito yathutu imeneyo, kutaya zambiri nkusiya zochepa zimene zanyamula nkhani. Pena agogo aja anangoti zii, maso pansi, akuthothola tiulusi pa chitenje. Mnyamata amene ndinkamuphunzitsa anadula pamenepo ati tikutaya nthawi. Ndinamuuza bwezeretsa msanga, filimu yonse yagona pa chete ameneyo. Koma nafenso tsiku limenelo tinaphonya, chigayo chinkalira chapatali ndiye paliponse ndadula phokoso lake limadumpha. Ndinagona pa timeline, pamene timayalapo zidutswa za kanema pa kompyuta, masiku awiri kubisa mabala. Pano sindichoka pamalo ndisanauze aliyense akhale chete kwa mphindi imodzi kuti ndijambule kaphokoso ka malowo, timati room tone, ndi kamene timamatira podula.

Za software musavutike nazo mtima. DaVinci Resolve ili ndi version yaulere ndipo imakwana kupangira ntchito ya pa TV, Premiere Pro ndi yolipira mwezi ndi mwezi m'madola, nanga ndi forex yathuyi mukudziwa kale. CapCut ya pafoni ndi yabwino poyambira koma musakhazikikepo. Laputopu ikamatsamwa ndi mafayilo olemera a kanema wa 4K pangani ma proxy, timafayilo topepuka todulira, pomaliza pake imabwerera yokha ku zenizeni. Chinanso, TV yathu kuno imayenda pa mafelemu 25 pa sekondi pomwe mafoni ambiri amajambula 30, mukasakaniza osasamala chithunzi chimanjenjemera. Ndipo footage, zonse zimene mwajambula, muzisunga malo awiri. Hard drive inandiferapo muli ukwati wonse wa anthu, nkhope ya mayi a mkwatibwi sindidzaiiwala.

Polowera ndi pati? Pamene TVM (Television Malawi) inkayamba mu 1999 khomo linali limodzi lokha. Pano kuli MBC TV, Times, Zodiak, Mibawa, kuwonjezera Facebook ndi YouTube kumene simupempha chilolezo kwa munthu. Sukulu ziliko, MIJ (Malawi Institute of Journalism) ndi MUBAS (Malawi University of Business and Applied Sciences) ku Blantyre amaphunzitsa utolankhani, ndipo pepala limathandiza ndithu, koma amene akukulembani ntchito amati tatiwonetsa zimene wadula. Ndiye musanyoze maukwati, zinkhoswe ndi ma video a kwaya, ndi mmene ambirife tinathyolera manja. Mukapeza mpata mu newsroom, ngakhale wa attachment, lowani, kumeneko nkhani imafika 6 koloko ikufunika 7, mumaphunzira kusankha osakayika.

Documentary ndi ina. Imafuna kudekha, kulemba mawu onse amene anthu ayankhula musanagwire mbewa ya kompyuta, komanso kujambula B-roll yambiri, zithunzi zowonjezera monga manja akusenda chimanga, mapazi pa njinga, chitseko cha nkhokwe, chifukwa ndi zimene mudzaphimbire podula. Ndalama zake kuno kwambiri zimachokera ku mabungwe, ndipo iwo amakonda nkhani yoti zonse zinayenda bwino. Apa mpofunika msana pang'ono. Kusuntha chiganizo chimodzi chokha kukhoza kumunenetsa munthu zimene sananene, iye nkudzadziwonera pa foni ya mdzukulu wake mudzi wonse uli pompo. Muuzeni munthu kumene kanemayo akawonetsedwe musanayatse kamera, avomere yekha.

Ndipo musanatsegule laputopu gwirizanani polemba, theka la ndalama patsogolo, kusintha kawiri kokha. Apo ayi mudzapezeka muli pa version 9 bwana wina akuti logo ikule pang'ono.