Wogona mumsewu akasiya mowa mwadzidzidzi, musamutsekere m'nyumba

Munthu wogona kudepoti ya Mzuzu kapena m'makhonde a masitolo akayamba kuyankhula yekha, anthu amagamula msanga kuti chamba chamuzunguza mutu. Nthawi zina n'zoona. Koma pali vuto lina loopsa kuposa limeneli, ndipo limabwera mowa ukasowa m'thupi.

Thupi lozolowera kachasu kapena midoli tsiku ndi tsiku silipirira kuusiya kamodzin'kamodzi. Ganyu akasowa, kapena achibale akamugwira n'kumutsekera kuti "aume", pakadutsa maola 6 mpaka 24 manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, n'kumasanza. Pakati pa maola 12 ndi 48 akhoza kugwa ngati wakhunyu. Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amaona tizilombo pakhoma, sadziwa komwe ali, thupi limatentha, mtima n'kumathamanga. Madokotala amati delirium tremens, ndipo imapha. Wotere apite ku Mzuzu Central Hospital tsiku lomwelo. Kumeneko amamupatsa diazepam, mankhwala okhazika thupi pansi ndi oletsa kugwa, n'kumachepetsa mlingo pang'onopang'ono kwa masiku angapo, komanso thiamine, yemwe ndi vitamini B1, popeza womwa osadya mokwanira amamusowa ndipo ubongo umawonongeka. Amamupimanso shuga ndi malungo, chifukwa nazonso zimasokoneza mutu chimodzimodzi.

Akakomoka, mugonekeni chammbali. Supuni m'kamwa ayi, madzinso ayi.

Matenda a maganizo enieni amadza mosiyana. Amayamba pang'onopang'ono, kwa masabata kapena miyezi. Munthu amamva mawu omulamula kapena amakhulupirira kuti akulondoledwa, koma malo amene ali amawadziwa. Ambiri amasuta kapena kumwa pofuna kuti mawuwo atonthole ndi kuti tulo tibwere m'chisanu cha Juni ndi Julaye. Choncho kumuuza kuti ayambe wasiya mowa ndiye athandizidwe n'kumutaya. Vuto la mowa ndi matenda a maganizo zimachizidwa limodzi, ndipo a chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God kuno ku Mzuzu amaona zonse ziwiri.

Chimene chimagwetsa chithandizo ndi mapiritsi. Wopanda nyumba sasunga mapiritsi a matenda a maganizo monga haloperidol kapena chlorpromazine mwezi wathunthu: amanyowa, amabedwa, amaiwalika. Jakisoni wa fluphenazine wa masabata 2 mpaka 4 aliwonse amathandiza pamenepa. Mankhwalawa amatha kuumitsa khosi ndi kutulutsa dovu, ndipo wodwala amaleka poganiza kuti akumupha. Mubwezereni kuchipatala akachepetse mlingo kapena akawonjezere benzhexol, mankhwala ochepetsa kuuma kwa khosiko, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwa komwe amagona woti azimukumbutsa tsiku la jakisoni.